Nthano za Chikondi cha Akuluakulu Zochokera ku Japan

Amayi anzanga, ambiri a ife tikaona buku la zithunzi zojambula pamanja, lija lokhala ndi mawu otuluka m'kamwa mwa anthu, timangoti ndi la ana, ndipo timaliika pamodzi ndi zidole. Ku Japan sizili choncho. Kumeneko mabuku otere amawatcha manga, ndipo amawerengedwa ndi ana a sukulu, abambo opita ku ntchito pa sitima, ngakhalenso agogo. Alipo ena olembedwera amayi akuluakulu, amene amawatcha josei, mawu otanthauza mkazi. Lero ndafuna kuti ticheze za amenewa, makamaka aja osimba za chikondi moseketsa, pakuti muli nkhani yokhudza khomo la aliyense wa ife.

Chiyambi chake n'chosavuta kumva. Atsikana amene anakula akuwerenga manga m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 atakwatiwa, ena atayamba ntchito, nthano za mnyamata ndi mtsikana oyang'anana mwamanyazi pabwalo la sukulu zinawachepera ngati diresi la paubwana. Osindikiza mabuku anaziona zimenezi. Mu 1980 kampani ya Kodansha inayambitsa magazini ya amayi yotchedwa Be Love, ndipo mu 1992 inawonjezera ina yotchedwa Kiss. Olemba ake ambiri ndi akazi, ndipo yemwe walemba nthano ndi yemwenso kawirikawiri amajambula zithunzi zake. Nthanoyo imatuluka pang'onopang'ono m'magazini, kenaka amaisonkhanitsa m'mabuku. Zithunzi zambiri n'zakuda ndi zoyera, ndipo powerenga amayambira kudzanja lamanja kupita kumanzere, kotero kuti kumene ife timati ndi kumapeto kwa buku, iwo ndiye kuchiyambi.

Nthano za atsikana zimatha pamene awiri avomerezana. Izi za amayi ndi pamene zimayambira: lendi ya nyumba, mbale zosatsuka, abwana ovuta, apongozi ofunsa za mdzukulu, ndi thupi limene latopa pofika madzulo.

Imodzi imene ndikufuna tiikhalire pansi inalembedwa ndi mayi Tsunami Umino, ndipo inayamba kutuluka mu Kiss mu 2012. Dzina lake ndi Nigeru wa Haji da ga Yaku ni Tatsu, lochokera ku mwambi wa ku Hungary wonena kuti kuthawa n'kochititsa manyazi koma kumathandiza. Mu 2015 inalandira mphotho ya Kodansha, ndipo mu 2016 wailesi ya kanema ya TBS inaisandutsa sewero limene linatchuka m'dziko lonselo.

Mwini nkhani ndi Mikuri, mtsikana wa zaka 25, wophunzira mpaka digiri yachiwiri ku yunivesite, koma wosowa ntchito yokhazikika. Ganyu ya mu ofesi imene ankagwira itatha, bambo ake anamupezera ntchito yosamala m'nyumba ya Hiramasa, katswiri wa makompyuta, mbeta yamphongo yopitirira zaka 30, munthu waulemu koma woopa akazi ngati moto. Zinthu zinali kuyenda bwino mpaka pamene makolo a Mikuri anaganiza zosamukira kumudzi. Posafuna kutaya ntchito ndi pogona nthawi imodzi, mtsikanayo anapereka maganizo odabwitsa: akhale m'nyumbamo ngati mkazi wake pamaso pa anthu, koma pakati pa awiriwo mwamuna akhale bwana, iye wantchito, malipiro azilandira mwezi ndi mwezi, aliyense azigona pake. Hiramasa anatenga cholembera, nawerengera, naona kuti n'zopindulitsa. Anagwirizana.

Zoseketsa zimachokera pamenepo. Abale ndi anzawo a ku ntchito akabwera kudzacheza, awiriwa amavutika kudzionetsa ngati okondana, pomwe sanagwiranepo ngakhale dzanja. M'sewero la pa kanema anafika popangana tsiku lokumbatirana, Lachiwiri, kuti anthu asawakayikire. Taganizani, amayi, kukumbatirana kolembedwa pa kalendala ngati tsiku la sikelo! Koma Lachiwiri lomwelo ndilo linayamba kuchedwa kufika kwa onse awiri, ndipo owerenga amadziwa kale zimene eni ake akukanika kunena.

Tsono pansi pa nthabwalazi pagona funso lolemera. Kodi ntchito ya mayi wa pakhomo ingawerengedwe ndalama zingati? M'sewerolo malipiro a Mikuri anali ma yen 194,000 pa mwezi, ndipo anawawerengera potsata kafukufuku wa boma la Japan wa mtengo wa ntchito za pakhomo zimene sizilipidwa. Inu amene mumadzuka tambala woyamba kukatunga madzi, kusesa, kuphikira ana phala, kupita kumunda kapena kumsika, kubwerako n'kusinja, kuchapa, kudwazika apongozi, kodi munamvapo wina akuitchula kuti ntchito? Munthu akatifunsa timayankha tokha kuti, "Ine sindigwira ntchito, ndimangokhala." Kungokhala kwake kuti?

Pachimake pa nkhaniyi ndi pamene chikondi chakhwima ndipo Hiramasa wafunsira ukwati weniweni. Monga sewero linaonetsera, ntchito yake inali itatha, ndipo pofunsirapo anatulutsa masamu osonyeza ndalama zimene zidzapulumuke akaleka kumulipira. Wowerenga amayembekezera misozi ya chimwemwe. Mikuri sanavomere msanga. Anaona kuti ntchito yomweyo imene dzulo inali ndi mtengo, mawa idzakhala yaulere pa chifukwa chokha chakuti iye wakonda, ndipo anamuuza mwamunayo poyera kuti kumeneko n'kudyera munthu masuku pamutu m'dzina la chikondi.

Pano ndinene maganizo anga. Sindikuti mupite kwa abambo a kunyumba ndi kope la malipiro, pakuti banja si sitolo, ndipo wolemba nthanoyi sananene zimenezo. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti awiriwa sanathetse nkhani ndi kukwiya kwa masiku atatu kapena kupanga phokoso ndi mapoto kukhitchini, monga timachitira ambirife. Anakhala pansi nagwirizana kuti nyumbayo aziiyendetsa ngati eni ake awiri a bizinesi imodzi, azichita misonkhano, azigawana ntchito. Ndipo sizinayende mwa myaa. Mikuri atapeza ntchito kunja, panyumba panayamba kuoneka fumbi. Tsiku lina mwamuna anaiwala kuphika mpunga umene anapemphedwa, mkazi anapsa mtima, nakadzitsekera ku bafa. Amene anakhalapo pabanja akudziwa kuti mkangano wotere mpunga umangonamiziridwa. Wolemba woona mtima yekha ndiye angaike zotere pafupi ndi mapeto a nthano ya chikondi, pamene ena akanaika maluwa ndi nthungululu.

Mulinso munthu wina amene ndimamukonda kuposa eni nkhani. Ameneyu ndi Yuri, mayi ake aakulu a Mikuri, wa zaka za m'ma 50, wosakwatiwapo, wa udindo pa kampani yake. Nthano zambiri zikanamusandutsa choseketsa kapena mfiti ya pamudzi. Muno ali ndi ulemu wake, ali ndi kusungulumwa kwake, ndipo mnyamata wocheperapo kwambiri zaka akamufuna, mantha ake amaoneka enieni. Tonse tili naye m'bale wotere, ndipo si nthawi zonse pamene timamulankhula bwino.

Nthano zamtunduwu zilipo zambiri. Tokyo Tarareba Musume ya mayi Akiko Higashimura, imene inayamba mu 2014, imasimba za akazi atatu a zaka 33 amene amakumana madzulo n'kumadandaula kuti akanachita zakuti bwenzi atakwatiwa. Imaseketsa, koma imaluma, ndipo mu 2019 inalandira mphotho ya Eisner ku America. Gokushufudo ya Kousuke Oono, ya mu 2018, si ya amayi okha: mkulu wa zigawenga wasiya zoipa, wavala epuloni, akuthamangira zotsika mtengo kumsika pamene mkazi wake ali ku ntchito. Imeneyi mukhoza kuseka limodzi ndi abambo.

Chenjezo lisasowe. Mawu akuti "za akuluakulu" ali ndi mbali ziwiri. Mabuku ena a m'gulu limeneli ali ndi zithunzi za kuchipinda zosayenera maso a mwana, ndipo poti kunja kwake amaoneka ngati a ana, kholo likhoza kupusitsika. Mwana akamawerenga manga pa foni, musangoti ndi zidole. Yang'ananimo, muonenso msinkhu umene osindikiza alemba. Zimene ndatchulazi zinamasuliridwa m'Chingerezi. Ya Mikuri mungaipeze pa intaneti ndi dzina lakuti The Full-Time Wife Escapist, ndipo amene Chingerezi chimawavuta asade nkhawa kwambiri, pakuti nkhope zojambulidwazo zimanena theka la nkhani, theka linalo mnzanu wa m'gulu angakuwerengereni.

Kunena za sewero lija, amene anasewera ngati Mikuri ndi Yui Aragaki, ndipo Hiramasa anali woimba Gen Hoshino. Mu 2021, patapita zaka pafupifupi 5 chionetsereni ukwati wawo wabodza uja, awiriwa analengeza kuti akukwatirana zenizeni.