Kodi Chikhalidwe Chabwino cha Chikhristu Chidachokera Kuti?

Lamulungu lililonse, kupatula m'nyengo ya Pasaka, mawu oyamba amene timamva pa Misa amachokera m'Chipangano Chakale, ndipo timayankha ndi Salimo. Malamulo Khumi amene akatekumeni amaloweza adaperekedwa kwa Mose ndi Aisraele. Izi tidazolowera kotero kuti sitidzifunsa tanthauzo lake. Koma akatekisiti ambiri akhala akulandira mafunso ovuta, makamaka kuchokera kwa achinyamata amene amawerenga zambiri pa intaneti. Ena amafunsa chifukwa chimene timasungira Chipangano Chakale pamene muli nkhani za nkhondo ndi kuphana. Ena amati munthu angathe kukhala wabwino popanda Mulungu, choncho chipembedzo n'chosafunika. Mafunso awiriwa ndi olumikizana. Kuti tiwayankhe moona, tiyenera kumva zimene okana Mulungu amanena, zimene Ayuda amanena, ndi zimene Mpingo umaphunzitsa.

Zimene okana Mulungu amanena

Anthu okana kuti kuli Mulungu sayankhula chimodzimodzi. Friedrich Nietzsche wa ku Germany, m'buku lake la mu 1887, adavomereza kuti chikhalidwe cha Chikhristu chidamera pa Chiyuda, koma adadzudzula zonse ziwiri. Iye adati kuyamikira kudzichepetsa, chifundo ndi kusamala ofooka ndi khalidwe la akapolo, limene anthu opanda mphamvu adalipeka pofuna kubwezera amphamvu. Bertrand Russell wa ku Britain, poyankhula ku London mu 1927, adayamikira zina mwa ziphunzitso za Yesu, koma adati munthu wachifundo chenicheni sangaphunzitse za chilango chosatha.

Richard Dawkins, katswiri wa sayansi ya zamoyo, adalemba buku lotchedwa The God Delusion mu 2006. M'menemo adati Mulungu wa Chipangano Chakale ndi wankhanza, ndipo adapereka zitsanzo monga nkhondo za Yoswa ndi nkhani ya Abrahamu pofuna kupereka nsembe Isaki. Mfundo yake yaikulu idali yakuti Akhristu amasankha ndime zokoma m'Baibulo n'kusiya zowawa, ndiye kuti muyeso umene amasankhira sudachokere m'Baibulomo. Mnzake Christopher Hitchens ankakonda kufunsa m'mitsutso kuti anthu amuuze ntchito yabwino imodzi yokha imene wokhulupirira angaichite koma wosakhulupirira n'kulephera. Ankanenanso kuti Aisraele sakadafika n'komwe pa phiri la Sinai akadakhala kuti sankadziwa kale kuti kupha ndi kuba n'koipa.

Palinso ena osapembedza amene amaona mosiyana. Jürgen Habermas, amene adakambirana poyera ndi Kadinala Joseph Ratzinger ku Munich mu Januwale 2004, adanenapo kuti ganizo lakuti anthu onse ndi ofanana, limene ufulu wachibadwidwe wa munthu umatsamirapo, ndi cholowa chochokera ku chilungamo cha Chiyuda ndi chikondi cha Chikhristu.

Mpingo udakana kale kudula muzu

Ganizo lotaya Chipangano Chakale si lachilendo. Munthu wina dzina lake Marcion, wochokera ku Sinope, adafika ku Roma n'kumaphunzitsa kuti Mulungu wa Ayuda ndi wina, wouma mtima, ndipo Atate a Yesu ndi winanso, wachifundo. Adataya mabuku onse a Chipangano Chakale, n'kusunga Uthenga wa Luka umene adaudulamo zina, ndi makalata khumi a Paulo. Mpingo wa ku Roma udamuchotsa mu 144, ndipo Ireneo Woyera ndi Tertuliano adalemba zomutsutsa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 121 mpaka 123, akubwereza chigamulo chomwecho.

Chifukwa chake chimaoneka tikangotsegula Uthenga Wabwino. Yesu atafunsidwa za lamulo lalikulu koposa (Marko 12:28-31), adatchula malamulo awiri amene adalipo kale: lokonda Mulungu, la pa Deuteronomo 6:5, ndi lokonda mnzako, la pa Levitiko 19:18. Mutu womwewo wa Levitiko, pa ndime 34, ukulamula kukondanso mlendo. Deuteronomo 24:14-15 akuletsa kugoneka malipiro a waganyu wosauka. Mneneri Amosi adadzudzula amalonda obera anthu pa sikelo. Eksodo 34:6 akufotokoza Mulungu ngati wachifundo, wosakwiya msanga. Kumbali inayi, Chipangano Chatsopano nachonso chimanena za chiweruzo, monga pa Mateyo 25. Choncho kugawa Baibulo pakati, kuti uku kuli mkwiyo uko kuli chikondi, n'kusaliwerenga bwino.

Yesu mwini adali Myuda, monganso Amayi Maria ndi Atumwi, ndipo adati sadabwere kudzathetsa Malamulo ndi Aneneri koma kudzakwaniritsa (Mateyo 5:17). Paulo Woyera, pa Aroma 11, akuyerekeza ife a mitundu ina ndi nthambi ya mtengo wakutchire yomezanitsidwa pa mtengo wabwino wa olivi, monga alimi amachitira pokwatitsa mango. Akutichenjeza kuti nthambi isadzikuze, popeza muzu ndiwo umainyamula.

Nanga ndime zowawa zija? Mpingo suzibisa. Chikalata cha Dei Verbum cha Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, pa nambala 15, chikuvomereza kuti m'mabuku a Chipangano Chakale muli zina zoperewera ndi zongoyembekezera, ndipo chikuti mabukuwa akuonetsa m'mene Mulungu ankaphunzitsira anthu ake pang'onopang'ono. Nkhani ya Isaki imatha ndi Mulungu akuletsa kupha mwanayo, pa nthawi imene nsembe za ana zinkachitika pakati pa mitundu ina. Kwa Dawkins tingayankhe kuti muyeso umene timawerengera ndime zovuta ukupezeka m'Baibulo momwemo, mwa aneneri ndiponso mwa Khristu, ngakhale n'zoona kuti Akhristu nthawi zina adachedwa kuugwiritsa ntchito, monga pa nkhani ya ukapolo.

Zimene Ayuda amanena

Chiyuda ndi chipembedzo chamoyo mpaka lero, ndipo chili ndi mawu akeake pa nkhaniyi. Aphunzitsi achiyuda amawerenga malamulo 613 m'mabuku asanu a Mose, koma amati malamulowa ndi a Aisraele. Kwa anthu a mitundu ina amatchula malamulo asanu ndi awiri a ana a Nowa, monga kuletsa kupha, kuba, chigololo ndi kupembedza mafano, komanso kukhazikitsa mabwalo a chilungamo. Munthu wosunga zimenezi amamuwerengera wolungama ngakhale asalowe Chiyuda. Pali nkhani yotchuka ya mphunzitsi Hillel, amene adakhalako Yesu asadayambe kulalika. Munthu wina adamupempha kuti amuphunzitse Malamulo onse iye ataimirira ndi mwendo umodzi. Hillel adamuuza kuti asachitire mnzake chimene iye mwini amadana nacho, ndipo kuti zina zonse n'zongotanthauzira chimenechi.

Kusiyana kwenikweni kuli pa Yesu mwini. Ayuda savomereza kuti Iye ndi Mesiya kapena Mwana wa Mulungu. Rabi Jacob Neusner wa ku America adalemba mu 1993 kuti akadakhalapo pa ulaliki wa pa phiri, akadamvetsera mwaulemu koma sakadamutsata Yesu, chifukwa Yesu ankadziika pamalo amene ndi a Malamulo a Mulungu okha. Papa Benedikito XVI adayamikira kuona mtima kumeneku m'buku lake lonena za Yesu la mu 2007, popeza Neusner adaloza chenicheni chimene chikutisiyanitsa.

Ayuda amatikumbutsanso mbiri yowawa. Msonkhano Wachinayi wa ku Lateran mu 1215 udalamula kuti Ayuda azivala zowasiyanitsa ndi Akhristu. Mu 1555 Papa Paulo IV adatsekera Ayuda a ku Roma m'dera lawolawo lozingidwa ndi khoma. Kwa zaka mazana ambiri alaliki ankanena kuti Ayuda onse ndi opha Khristu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la Nazi lidapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Mu Seputembala 2000 gulu la arabi ndi akatswiri achiyuda lidatulutsa chikalata chotchedwa Dabru Emet. Iwo adati Chinazi sichidali Chikhristu, komabe sichikadamera mizu pakadapanda chidani cha nthawi yaitali cha Akhristu pa Ayuda. Adatinso Ayuda ndi Akhristu amavomereza limodzi mfundo za chikhalidwe zopezeka m'Malamulo a Mose.

Mpingo udadzifufuza pa nkhaniyi. Chikalata cha Nostra Aetate, cha pa 28 Okutobala 1965, chidanena kuti imfa ya Khristu isaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo kapena Ayuda a masiku ano, ndipo kuti Ayuda asamatchulidwe ngati okanidwa kapena otembereredwa ndi Mulungu. Pa 13 Epulo 1986 Papa Yohane Paulo II adayendera sunagoge wamkulu wa ku Roma, komwe adatchula Ayuda kuti ndi abale athu aakulu. Mu Malichi 2000 adapempha chikhululukiro kwa Mulungu pa machimo a ana a Mpingo, ndipo pa 26 mwezi womwewo adaika pemphero lake pa Khoma la Kuzambwe ku Yerusalemu.

Kodi wosakhulupirira angakhale munthu wabwino?

Yankho la Mpingo ndi lakuti inde. Paulo, pa Aroma 2:14-15, akuti anthu amene sadalandire Malamulo a Mose amatha kuchita zimene Malamulowo amafuna, chifukwa zidalembedwa m'mitima mwawo ndipo chikumbumtima chawo chimachitira umboni. Katekisimu, pa nambala 2070 ndi 2071, akuti nzeru za munthu zingathe kuzindikira zimene zili m'Malamulo Khumi, koma Mulungu adawaulula chifukwa tchimo lidachititsa khungu mitima yathu. Makolo athu ankadziwa kuti kupha, kuba ndi chigololo n'zoipa amishonale asadafike. Choncho pa mfundo ya Hitchens yokhudza phiri la Sinai palibe mkangano.

Mkangano uli pa maziko. N'chifukwa chiyani ndiyenera kuchita chabwino pamene palibe wondiona, kapena pamene chikunditayitsa chuma ngakhale moyo? N'chifukwa chiyani nkhalamba yodwala, mwana wolumala ndi mdani wanga ali ndi ulemu wofanana ndi wanga? Okana Mulungu amayankha kuti nzeru, kumverana chisoni ndi kufunika kokhalira pamodzi n'zokwanira. Mpingo umayankha kuti zimenezi zikufotokoza m'mene chifundo chimabwerera mumtima, koma sizikufotokoza chifukwa chimene chimatimangira ngati lamulo pa munthu amene sitikumumvera chisoni. Maziko amene Mkhristu amaloza ndi akuti munthu aliyense adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu (Genesis 1:27), ndipo mfundo imeneyi tidailandira kwa Ayuda.

Komabe wakutsina khutu ndi mnansi. Chikalata cha Gaudium et Spes, pa nambala 19, chikuvomereza kuti okhulupirira nawonso amachititsa ena kukana Mulungu, pamene aphunzitsa molakwika kapena moyo wawo ukutsutsana ndi chikhulupiriro chawo. Kwathu kuno chitsanzo chilipo. M'zaka za 2010 ndi 2011 bungwe la anthu osapembedza la Association for Secular Humanism lidamenyera nkhondo nkhalamba zimene zidatsekeredwa m'ndende poziganizira ufiti. M'dziko limene ambiri ndife Akhristu, n'koyenera kudzifunsa kuti ozitola ndi kuzinamizira nkhalambazo adali ayani, ndipo ife tidali kuti.

Zoyenera kukumbukira pophunzitsa

Choyamba, pophunzitsa za masautso a Ambuye, pa Njira ya Mtanda kapena m'masewero a Lachisanu Loyera, tisanene kuti Ayuda ndiwo adapha Yesu. Adagamula ndi Pilato, Mroma, mogwirizana ndi ena mwa akuluakulu a ansembe, ndipo Katekisimu pa nambala 597 ndi 598 akuti ochimwa tonse ndife tidamupachika. Mawu akuti Mfarisi tisawasandutse chipongwe cha mtundu wonse, pakuti Nikodemo ndi Paulo adali Afarisi.

Chachiwiri, tisalumphe mawu oyamba a pa Misa pokonzekera mapemphero a Lamulungu kapena a m'mphakati. Amasankhidwa kuti agwirizane ndi Uthenga Wabwino wa tsikulo, ndipo ndi ntchito ya katekisiti kuonetsa mgwirizanowo.

Chachitatu, wachinyamata akabwera ndi funso lokayika, asathamangitsidwe kapena kunenedwa kuti wagwidwa ndi Satana. Amvetseredwe mpaka amalize. Pamene akunena zoona, monga pa nkhanza zimene Akhristu adachitira Ayuda, tivomereze. Pamene sitikudziwa yankho, tinene kuti tikafunsa kwa Bambo Mfumu, ndipo tikafunsedi n'kumubweretsera yankholo.