Mutu Suuma Cifukwa ca Zaka

Kangati tamva mai kapena bambo wa zaka 40 akunena kuti, "Ine mutu unauma kale, sukulu n'ja ana"? Tonsefe tiwadziwa anthu otere. Kalata ikafika apita nayo kwa mnansi kuti awawerengere, ndipo zinsinsi za pa banja zimveka mudzi wonse. Ku ofesi adinda cala pa pepala losadziwa cimene linena. Tikawauza za makalasi a akulu-akulu, iwo atiyankha ndi mwambi wakuti m'mera mpoyamba.

Kodi n'zoona kuti munthu akakula sangathenso kuphunzira? Funso limeneli linafufuzidwa bwino lomwe ku Teachers College, sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya mu mzinda wa New York ku America. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1887, ndipo mu 1898 inakhala mbali ya Yunivesite ya Columbia. Mu 1899 inalemba nchito Edward Thorndike, katswiri wa za maganizo a munthu, amene anaphunzitsa pamenepo zaka zoposa 40.

Masiku amenewo ngakhale anthu ophunzira anali kukhulupirira kuti nzeru zilowa pa ubwana pokha. Thorndike sanafune kungovomera zonena za anthu, anafuna kupima. Iye ndi anzace anasonkhanitsa anthu a misinkhu yosiyana-siyana nawapatsa zinthu zacilendo zoti aphunzire. Ena anawauza kulemba ndi dzanja limene sanazolowere. Ena anawaphunzitsa Esperanto, cinenero copangidwa ndi munthu, kuti onse ayambire pamodzi popanda wodziwako kale. Anayang'ananso mmene anali kupitira patsogolo ophunzira a sukulu za usiku ndi akaidi a m'ndende ya Sing Sing.

Zimene anapeza zinatuluka mu 1928 m'buku lochedwa Adult Learning. Mphamvu ya kuphunzira ifika pacimake munthu akakhala ndi zaka 20 kufikira 25. Pambuyo pace itsika ndithu, koma pang'ono-pang'ono, pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo 100 pa caka. Motero Thorndike anatsimikiza kuti munthu amene sanapitirire zaka 45 asaleke kuphunzira cinthu poopa kuti wakalamba.

Nanga opitirira pamenepo? Irving Lorge, mnzace wa pa sukulu yomweyo, anaona kuti mayeso ambiri anali ndi nthawi yoikika. Atawapatsa okalamba nthawi yokwanira, kusiyana kwao ndi acinyamata kunacepa kwambiri. Motero Lorge anati cimene cicepa ndi zaka ndi liwiro, osati nzeru ai.

Phunziro limeneli litikhudza ife tonse. Amene tiphunzitsa akulu-akulu tisawathamangitse monga ana a Giredi 1. Tiwapatse nthawi, tibwereze mofatsa, tiyambire pa zimene adziwa kale, monga kuwerengera ndalama pa msika ndi matumba a cimanga. Amene tili ndi makolo osadziwa kulemba tisawaseke akagwira pensulo mokhota, pakuti cimene cibweza ambiri ndi manyazi.

Ndipo inu amai ndi abambo amene munalekeza sukulu pa njira, kaya cifukwa ca kusowa ndalama, kaya ca ubusa wa ng'ombe, kaya ca ukwati, dziwani kuti khomo silinatsekedwe. Mwana wanu akabwera ku sukulu madzulo ano, mupempheni akulembereni dzina lanu pa pepala, inu mulitsatire ndi dzanja lanu.