Mwana akamapuma mwaphokoso si tsempho ayi

Pali ana ena amene chibadwireni amapuma mwaphokoso, ngati pakhosi pakhala kanthu. Akamayamwa kapena kulira phokosolo limakula, ndipo amakonda kupindira mutu kumbuyo kuti apeze mpweya. Akakwana miyezi 6 n'kuyamba phala, ndiye kutsamwa tsiku ndi tsiku. Kuchipatala lero akuti chibayo, mwezi wamawa akuti mphumu. Kunyumba nako agogo ayamba kale kuwayang'ana m'mbali bambo a mwana: ati tsempho, alipo wasempha mwambo.

Makolo anzanga, musayambe mwalozana zala. Ana ambiri phokoso lotere limatha lokha akamakula. Koma mwa ana ochepa gwero lake ndi mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima, womwe madokotala amautcha aorta.

Mtsemphawu ukachoka mumtima umakhota ngati chogwirira cha ambulera, kupita kumanzere, ndipo pokhotapo pamatuluka nthambi zitatu zopita kumutu ndi kumikono. Mwana akamaumbika m'miyezi iwiri yoyambirira ya mimba, amakhala ndi mitsempha yokhota mbali zonse ziwiri, kenaka ina imafota yokha. Nthawi zina yofunika kufota ija imatsala. Mwa anthu 100 alionse, pafupifupi mmodzi mtsempha wopita kumkono wamanja umadzera kuseri kwa njira ya chakudya, ndipo ambiri amakalamba osadziwa n'komwe.

Vuto limadza pomwe mitsempha yokhota yatsala iwiri n'kuzinga njira ya mpweya ndi ya chakudya ngati mphete. Mwana amachita kufinyidwa m'kati. Mankhwala a mphumu sangamasule mpheteyo, ngakhale mugule mabotolo angati. Mayi sanalakwe kanthu, bambonso ayi. Zimachitika mwina mayi asanadziwe n'komwe kuti ndi woyembekezera.

Chithandizo chake ndi opaleshoni yodula mbali imodzi ya mpheteyo. Woyamba kuichita anali dokotala Robert Gross mumzinda wa Boston ku America m'chaka cha 1945, ndipo ana ambiri amachira, ngakhale phokoso limatenga miyezi kuti litheretu.

Tsono mukapita kusikelo, musangoti "akukhosomola". Fotokozani kuti phokoso lidayamba liti, amatsamwa akamadya chiyani, wadwala chibayo kangati. Buku lake lakuchipatala likhale m'manja, ndipo pemphani kuti akutumizeni kuchipatala chachikulu akamujambule pachifuwa ndi mtima. Koma milomo ikayamba kuda, kapena akamadukiza kupuma, musadikire tsiku la sikelo. Nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.