Malo achepa ku yunivesite: gwero lake ndi aphunzitsi

Chaka ndi chaka makolo a ku Mualadzi, N'sadzu ndi madera ena a m'boma la Chifunde amagulitsa fodya, chimanga ngakhalenso mbuzi kuti mwana yemwe wamaliza kalasi ya 12 apite ku Tete kukalemba mayeso olowera ku yunivesite. Ambiri mwa anawa amabwerako chimanjamanja, ndipo kumudzi anthu amangoti mwanayo ndi mbuli kapena sadawerenge. Koma nthawi zina mwana amakhoza bwinobwino, kungoti malo ndi omwe amachepa.

Funso nkumati, amachepetsa malowo ndani? Yunivesite imalengeza chiwerengero cha ophunzira omwe itenge potengera zipinda, zipangizo komanso aphunzitsi omwe ili nawo. Chipinda amatha kumanga m'chaka chimodzi, koma mphunzitsi wa pa yunivesite saphuka ngati bowa.

Vutoli ndi lakalekale. Dziko litalandira ufulu mu 1975, aphunzitsi ambiri a Chipwitikizi adachoka pa yunivesite imodzi yokha yomwe idalipo, yomwe mu 1976 idatchedwa Eduardo Mondlane. Kwa zaka zingapo sukuluyi idadalira aphunzitsi ochokera m'maiko ena. Masiku amenewo mwana wa ku Chifunde wofuna digiri amayenera kukafika ku Maputo.

Lero zinthu zidasinthako. Sukulu ya Instituto Superior Politécnico de Tete idakhazikitsidwa mu 2005 ndipo imadziwika ndi maphunziro a za migodi. Mu 2009 yunivesite ya Zambeze, yomwe likulu lake lili ku Beira, idayamba kuphunzitsa, ndipo gawo lake la zaumoyo lili mu mzinda wa Tete pomwe la zaulimi lili ku Ulónguè m'boma la Angónia. Mu 2019 kudabadwanso yunivesite ya Púnguè ya ku Chimoio, yomwe ili ndi nthambi ku Tete.

Sukulu zidachuluka, koma kulemba mphunzitsi ntchito m'sukulu za boma si nkhani yapafupi. Pamafunika kuti ndalama za malipiro ake zipezeke m'bajeti, malowo alengezedwe kuti anthu apikisane, kenako khoti la Tribunal Administrativo livomereze. Wolembedwayo amayamba wayesedwa kwa zaka ziwiri asadapatsidwe chomwe amati nomeação definitiva, kutanthauza kuti wakhazikika pantchito ndipo sangachotsedwe mwachisawawa. Kuchokera apo pali makwerero: amayamba ngati wothandizira, ndipo kuti afike pa upulofesa ayenera kupeza digiri ya udokotala ndi kulemba zomwe wafufuza. Ambiri digiri imeneyi amakaitenga ku Brazil kapena ku Portugal, ndipo akakhala kumeneko kalasi yawo imasowa mwini.

Ngongole zobisika zitaululika mu 2016, maiko othandiza adasiya kuthira ndalama m'bajeti ya boma, ndipo kulemba anthu ntchito kudavuta kwambiri. Sukulu zimadalira aphunzitsi a kontirakiti, omwe sadziwa ngati chaka chamawa adzakhalapo. Ena amathamanga kuphunzitsa m'sukulu ziwiri kapena zitatu, mwakuti anthu adawapatsa dzina loti aphunzitsi a turbo. Munthu wotere nthawi yofufuza angaipeze kuti? Nayo migodi ya malasha ya ku Moatize, yomwe kampani ya Vale idayamba kukumba mu 2011 isadaigulitse kwa Vulcan, imakopa akatswiri omwe akadaphunzitsa.

Palinso maphunziro a madzulo omwe wophunzira amalipira mwezi ndi mwezi. Awa amathandiza wogwira ntchito mu mzinda, osati mwana wa mlimi wa ku Cassacatiza yemwe alibe ngakhale mbale womusunga ku Tete.

Choncho kholo lisadagulitse mbuzi, ndi bwino lifunse kaye kuti maphunziro omwe mwana akufunawo alengeza malo angati chaka chimenecho. Za udokotala anthu amalimbirana koopsa, pomwe za ulimi, zomwe mwana wa ku Chifunde adakulira momwemo, zili ku Angónia konkuno.