Mphatso ikachedwa m'banja, abambo nawonso akayezetse

Banja likatha chaka osaona mphatso, anthu amaloza chala mayi. Koma pafupifupi theka la mabanja otere, vuto limakhudzanso bambo. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kutupa kwa mitsempha ya magazi yochokera ku machende, komwe achipatala amati varicocele. Vutoli limapezeka mwa amuna pafupifupi 15 pa 100 aliwonse, makamaka kumanzere, ndipo ambiri samva kupweteka. Ndi losiyana ndi phudzi, chifukwa m'phudzi mumadzaza madzi, pamene muno ndi magazi amene amadikha m'mitsempha.

Mbewu ya abambo imapangidwa bwino pamalo pozizirirapo kusiyana ndi thupi lonse. Magazi akadikha, malowo amatentha, ndipo mumachuluka tizinthu towononga totchedwa ma free radical. Monga dzimbiri limadyera khasu losiyidwa pamvula, tizinthuti timadya khungu la mbewu ndi uthenga wa chibadwa umene yanyamula. Mbewuyo imachepa, imafooka, ina n'kulephera kusambira.

Thupi limadziteteza ndi michere yotchedwa ma antioxidant, ndipo yambiri tili nayo kuno ku Chiromo. Vitamini C ali m'malambe, masau, magwafa ndi masamba a cham'mwamba. Vitamini E ali mu mtedza ndi chitowe. Tomato ndi mavwende ofiira ali ndi lycopene, pamene nsomba za mu Shire ndi Ruo, monga mlamba ndi mphende, zimapereka selenium. Ngakhale dothi lathu likutikomera: kafukufuku wofalitsidwa mu 2013 adapeza kuti amayi a ku Mikalango m'boma la Chikwawa anali ndi selenium wambiri m'magazi kuposa anzawo a ku Zombwe ku Mzimba, kaamba ka dothi la m'chigwa chino.

Komabe tisanamizane. Chakudya chimateteza mbewu, koma sichiphwetsa mtsempha wotupa. Nawo mapiritsi a mavitamini si odalirika: kafukufuku wa ku America wa mu 2020 adapeza kuti sadakonze mbewu ya amuna amene adawamwa. Musagulitse mbuzi chifukwa cha mabotolo a ogulitsa oyendayenda. Mtsempha ukakhala kuti ndiwo wasokoneza mbewu, amaukonza ndi opaleshoni. Yambirani pa chipatala chapafupi, kaya cha Trinity ku Muona kapena cha boma ku Nsanje, ndipo akaona kufunika adzakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Pakali pano, siyani fodya, chepetsani kachasu, ndipo alimi a thonje adziteteze popopera mankhwala, pakuti zonsezi zimaonjezera dzimbiri lija. Mbewu yatsopano imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ikhwime, choncho musayembekeze kusintha miyezi itatu isanakwane.

Abambo, kuyezetsa sikuchotsa ulemu, ndipo mawu onyoza akuti wina adagwa mu mpapaya sadachizepo munthu. Pitani limodzi ndi akazi anu, musanawasiye chifukwa cha vuto limene mwina lili mwa inu, komanso lochizika.