Mlandu suola, koma khomo la apilo limatsekeka

M'bandakucha uliwonse, nkhungu ikali chikutire phiri la Thyolo, amayi ndi abambo amatsetsereka m'minda ya tiyi ya Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba, madengu ali kumsana. Ndipo m'khamu limeneli simulephera kukhala wina wosenza katundu wolemera kuposa dengu, ndiye chigamulo cha bwalo la milandu chimene mtima wake wakana kuchivomera.

Ambiri otere amangoti mfumu yaweruza, nabwerera kwawo chozolika, osadziwa kuti monga mtumwi Paulo anapempha kuti mlandu wake ukamvedwe kwa Kaisara, iwonso lamulo linawatsegulira njira yokadandaula kumtunda. Wogamulidwa ndi majisitireti pa boma la Thyolo angathe kukagwada ku bwalo lalikulu ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ndipo pamwamba pa limenelo pali bwalo la Supreme Court of Appeal, limene mawu ake ndi otsiriza.

Koma apilo si kuyambanso mlandu. Majaji kawirikawiri saitananso mboni. Amawerenga zimene zinalembedwa pozenga mlandu, namvera loya akuloza pamene woweruza woyamba anaphonya lamulo kapena anapima umboni molakwa. Wothyola tiyi amene anachotsedwa ntchito, nakaluza ku Industrial Relations Court, bwalo la milandu ya apantchito, adziwe kuti lamulo la chaka cha 1996 limamulola kuchita apilo pa mfundo za malamulo zokha kapena za mphamvu za bwalolo, ndipo limampatsa masiku 30. Wopezeka wolakwa pa mlandu waupandu ali ndi masiku 10 okha oti adziwitse bwalo m'kalata kuti akufuna apilo. Makolo anati mlandu suola, ndipo sananame. Koma wochedwa ayenera kuyamba wakhutiritsa jaji ndi chifukwa chomveka, apo ayi khomo alipeza lotseka.

Nanga loya apezeke kuti, kwa munthu amene malipiro ake amathera pa ufa ndi mchere? Maloya ambiri ali ku Blantyre ndi ku Limbe, ndipo bungwe la Malawi Law Society limatulutsa maina a amene ali ndi chilolezo chogwira ntchito chaka chimenecho. Wanzeru ayambe waona dzinalo asanapereke khobidi, pakuti madobadoba oyendayenda m'makhonde a makhoti amadya thukuta la amphawi. Wosowa ndalama apite ku Legal Aid Bureau, imene boma linaikhazikitsa kuti iziimirira osauka, atanyamula chigamulo cholembedwa, nambala ya mlandu, kalata yomchotsera ntchito ndi timapepala ta malipiro. Afunsenso loyayo mosaopa ngati mlanduwo uli ndi miyendo, popeza safunsa anadya phula, ndipo loya woona mtima salonjeza chipambano.

Anthu a kuno anaziona ndi maso m'chaka cha 2020, pamene mtsogoleri wa dziko, a Peter Mutharika, mwana wa boma lomwelino, anachita apilo bwalo litafafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko pa 3 February, ndipo pa 8 May bwalo la Supreme linagwirizana ndi chigamulo choyambacho. Makwerero amene anakwera mtsogoleriyo ndi omwewo amene aikidwira mayi wa dengu kumsana. Chimene chimupinga iye ndi kusadziwa kuti alipo, ndi masiku amene akutha ali m'munda. Amene mwawerenga izi, kamuuzeni lero lomwe.