Legeni tikadali nayo, koma nkhwali zili kuti?

Amene munakulira cha ku Chinakanaka m'boma la Mulanje mukukumbuka bwino. Sukulu ikangotsekera, anyamata timadzuka m'mamawa, legeni m'khosi, miyala m'thumba, galu patsogolo. Wina amatenga ulimbo, wina msampha. Tikapha mpheta ziwiri kapena njiwa imodzi, tinkabwerera kunyumba ngati alenje enieni. Koma tsiku lomwe wina wagwira nkhwali kapena nkhanga, aise, nkhani yake imatha sabata.

Ulendo wapitawu nditapita kumudzi, ndinadzuka mbandakucha kuti ndimvenso kulira kwa nkhwali kuja. Kunali zii. Ndinangomva atambala ndi njinga zamoto za akabaza. Funso linandibwerera: kodi mbalame zija tinazitha ndife?

Pa TikTok ndi YouTube mwina mwaonapo azungu a ku Britain atavala majekete ndi zipewa, mfuti m'manja, akuwombera mbalame ya mchira wautali yotchedwa pheasant. Mbalameyi ndi ya banja limodzi ndi nkhwali yathuyi, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Asia. Kwa iwo ndi masewera, ndiponso bizinesi: munthu amalipira ndalama zambiri kuti asake tsiku limodzi, pomwe ena amalembedwa ganyu yovumbulutsa mbalamezo m'tchire.

Chomwe mavidiyowo saonetsa ndi dongosolo lake. Ku England, pheasant amasaka kuyambira pa 1 October mpaka pa 1 February basi. Nthawi yoswana, mfuti zimakhala m'nyumba. Komanso mbalame mamiliyoni ambiri amachita kuziweta ndi kuzitulutsa kutchire chaka chilichonse. Sikuti zonse n'zabwino ayi, chifukwa kumeneko anthu ambiri amatsutsana nawo mchitidwewu. Koma amadziwa kuti ukamakolola osabzala, nkhokwe imatha.

Nanga ife? Kwathu kuno kusaka sikukhala masewera okha, ndi ndiwo. Mwana wobwera ndi mbalame madzulo wapulumutsa banja ku nsima ya masamba okhaokha. Vuto ndi loti tilibe nyengo yopumira. Nkhanga imaikira mazira pansi, m'udzu, nthawi ya dzinja. Tikapeza chisa timatola mazira onse, make timutchera msampha. Chilimwe chikafika timayatsa tchire kuti tisake mosavuta, n'kuwotcha malo omwe mbalamezo zimabisala. Onjezerani kuti malo ku Mulanje ndi ochepa: uku minda ya tiyi, uku chimanga ndi nandolo, tchire latsala pang'ono.

Moto wa alenje sumathera pa mbalame. Ukakwera phiri la Mulanje umapsereza timitengo ta mkungudza, mtengo wa fuko lathu womwe mwachilengedwe umamera m'phirimo mokha, ndipo watsala pang'ono kutheratu. M'nkhalango za phirili mumakhalanso Thyolo alethe, kambalame kosowa komwe kamapezeka kum'mwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique kokha. Phiri lopanda mitengo tikulidziwa kuopsa kwake: sitinaiwale matope ndi miyala ya namondwe wa Freddy mu March 2023. Ndipo mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo akabwera, tiwaonetsa lupsa?

Malamulo alipo. Nkhalango ya phiri la Mulanje ndi yotetezedwa kuyambira mu 1927, ndipo kusaka kapena kuyatsa moto m'menemo popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo loteteza nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, moti wopezeka ndi nyama ngati ngaka kapena minyanga ya njovu atha kukaseweza mpaka zaka 30. Koma tinene zoona, wapolisi sangalondole mwana aliyense wa legeni. Nkhaniyi ndi ya ife eni mudzi.

Chitsanzo sichili kutali. Ku nyanja ya Chilwa, yomwe inakhala dambo loyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar, alenje a mbalame anapanga magulu awo, n'kugwirizana nyengo yosasaka ndi malo osiyira mbalame kuti ziswane. Zovuta sizinathe, koma anayamba ndi kukhala pansi. Mafumu ndi achinyamata a ku Chinakanaka angalephere bwanji?

Njira zina n'zapafupi. Nkhanga zimawetedwa: mazira ake mukaikira nkhuku ya thadzi, pakatha masiku 26 mpaka 28 anapiye aswa, ndipo ndiwo mwapeza, ndalama mwapeza. Ndipo mnyamata amene amadziwa kulira kwa mbalame iliyonse ali ndi luso lomwe alendo okwera phiri kudzera ku Likhubula angalipire. Foni yomwe muli nayo m'manjayi imajambula mbalame osaipha, mawa n'kudzaijambulanso.

Sindikunena kuti tiphwanye malegeni onse. Ndikunena zinthu zitatu zokha: chisa tichisiye, dzinja tipume, machesi asapite kutchire. Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Ife kwayamba kale kupsa, ndipo sitinapanganebe. Tikachedwa, ana athu nkhwali adzaidziwira pa Google.